Makamera a Apolisi ku America: Adawerenga Chiyani, Adayeza Chiyani?

Awa ndi mawu amene Mkulu Wofalitsa Nkhani za Chipani adayankhula pamsonkhano wa atsogoleri a Chipani ndi anthu ogwira ntchito za Boma.



 Nkhani imene ndatenga lero ndi yakutali, ya kutsidya kwa nyanja m'dziko la United States of America, ndipo mwini nkhaniyo ndi kachipangizo kakang'ono kokwana m'dzanja, kamera imene wapolisi amavala pachifuwa kuti izijambula zithunzi ndi mawu pamene iye akugwira ntchito. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kudzifunsa kuti za apolisi a ku America zikutikhudza bwanji ife. Taonani amene mwakhala m'chipinda muno. Ena mumalemba malipoti a ntchito zoyendetsedwa ndi ndalama zathandizo, ena mumasaina malipotiwo, ndipo enafe timakaima pamaso pa anthu pamisonkhano n'kuwauza kuti ntchito yakutiyakuti yayenda bwino. Tsono boma la America nalonso lidapereka ndalama zathandizo, lidalandira malipoti, ndipo pamene lidafuna kudziwa ngati ndalamazo zidachita chimene zidatumidwa, yankho lidavuta kulipeza, ngakhale dzikolo lili ndi chuma ndi akatswiri osawerengeka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa 9 Ogasiti 2014, m'tauni ya Ferguson m'chigawo cha Missouri, wapolisi wachizungu dzina lake Darren Wilson adawombera ndi kupha mnyamata wakuda wa zaka 18, Michael Brown. Padalibe kamera imene idajambula imfayo. Mboni zidanena zosiyanasiyana, wapolisiyo adanena zake, ndipo mu Novembala chaka chomwecho gulu la nzika zosankhidwa kuunika nkhaniyo lidagamula kuti wapolisiyo asaimbidwe mlandu. Kudabuka zipolowe, ndipo nyumba zamalonda zidatenthedwa. Makolo a malemuyo adapempha kuti wapolisi aliyense woyendera m'misewu ya dzikolo azivala kamera. Pa 1 Disembala 2014, Pulezidenti Barack Obama adalengeza kuti akufuna madola 75 miliyoni pa zaka zitatu, othandizira kugula makamera 50,000.

Chonde sungani bwino chimene anthu adalirira, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Iwo adafuna kuti apolisi aleke kupha ndi kuzunza nzika, ndi kuti wapolisi wolakwa aonekere poyera, alangidwe. Kamera idali njira chabe yofikira kumeneko.

Kuti timvetse chifukwa chake Pulezidentiyo adayankhula za ndalama mmalo mongolamula, tiyenera kudziwa kuti ku America polisi si imodzi monga kwathu kuno, kumene apolisi onse ali pansi pa mkulu mmodzi. Kumeneko kuli magulu a polisi pafupifupi 18,000. Mzinda uli ndi polisi yake, chigawo chili ndi yake, ngakhale tauni yaing'ono ili ndi apolisi ake khumi kapena makumi awiri, olipidwa ndi msonkho wa komweko. Boma lalikulu la ku Washington silingawalamule kuvala kamera. Chingwe chimene limawakokera nacho ndi thandizo la ndalama, lokhala ndi mfundo zoyenera kutsatidwa.

Motero mu Sepitembala 2015, Unduna wa Zachilungamo, umene panthawiyo udali m'manja mwa Mayi Loretta Lynch, udagawa madola oposa 23.2 miliyoni kudzera m'nthambi yake yotchedwa Bureau of Justice Assistance. Pa ndalamazo, madola 19.3 miliyoni adali ogulira makamera, ndipo adapita ku magulu a polisi 73 m'zigawo 32. Madola 2 miliyoni adali a maphunziro ndi ulangizi. Ndipo madola 1.9 miliyoni adapatulidwa kuti akatswiri afufuze zotsatira zake m'mizinda ya Miami, Milwaukee ndi Phoenix. Wolandira thandizo adayenera kusonkha theka la mtengo wa ntchitoyo kuchokera m'thumba mwake. Adayeneranso kulemba malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka makamerawo, ndipo gawo lalikulu la ndalama silinkatuluka mpaka malamulowo atavomerezedwa. Kunena zoona, amene adakonza dongosolo limeneli sadali anthu osasamala.

Ziwerengero zoyamba zidabwera mosavuta, ndipo zidali zosangalatsa kuziwerenga pamsonkhano. Ndalama zaperekedwa zakuti, makamera agulidwa akuti, apolisi aphunzitsidwa akuti, malamulo alembedwa. Nthambi ya boma yosunga ziwerengero za chilungamo idapeza kuti pofika 2016, magulu a polisi 47 pa 100 alionse adali atagula makamera, ndipo pakati pa magulu akuluakulu adali pafupifupi 80 pa 100 alionse. Ziwerengero zotere ndi zofunika ndithu, pakuti zimatiuza kuti ndalama sizidabedwe ndi kuti katundu adafika. Mlembi wa zachuma akaziona amagona tulo. Komatu mayi wa ku Ferguson, amene mwana wake wamwamuna watuluka usiku, sizimuuza kanthu. Funso lake iyeyo n'lakuti, kodi wapolisi wovala kamerayo wasintha khalidwe?

Chikhulupiriro chakuti kamera imasintha khalidwe chidachokera makamaka m'tauni imodzi, Rialto, m'chigawo cha California, ya anthu pafupifupi 100,000. Kuyambira Febuluwale 2012 mpaka Febuluwale 2013, mkulu wa polisi kumeneko, Bambo Tony Farrar, pamodzi ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Cambridge ku England, Bambo Barak Ariel ndi Bambo Alex Sutherland, adachita kafukufuku pa apolisi 54. Adatenga mashifiti 988 n'kuwachitira maere, kotero kuti pa mashifiti ena apolisi ankavala makamera, pa ena ayi. Chaka chitatha, kudapezeka kuti madandaulo a nzika otsutsa apolisi atsika kuchoka pa 24 chaka chapitacho kufika pa 3, ndipo kugwiritsa ntchito mphamvu, ndiko kuti chibonga, utsi watsabola, mfuti yamagetsi, galu kapena mfuti yeniyeni, kudatsika ndi kupitirira theka. Mbiri ya Rialto idawanda dziko lonse lapansi. Ngakhale woweruza milandu wa ku New York, Mayi Shira Scheindlin, adaitchula mu 2013 polamula kuti apolisi a mumzindawo ayese kuvala makamera.

Pano ndifuna tikhalitse pang'ono, chifukwa kafukufuku ameneyu ali ndi ziwerengero za mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri adathamangira mtundu wokoma kuumva. Inu amene mudagwirapo ntchito ndi alangizi a zaulimi mukudziwa munda wachitsanzo. Mlangizi wanzeru sanena kuti feteleza wagwira ntchito chifukwa chakuti chaka chino takolola zambiri kuposa chaka chatha, pakuti mwina chaka chino mvula ndiyo idagwa bwino. Iye amagawa munda umodzi pawiri, mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, mvula imodzi, n'kuthira feteleza mbali imodzi yokha. Kusiyana kwa mbali ziwirizo ndiko ntchito ya feteleza. Tsono chiwerengero chotchuka chija, cha 24 kufika pa 3, chidali cha chaka chino ndi chaka chatha. Madandaulo adatsika pa mashifiti onse, a kamera ndi opanda kamera omwe, ndipo madandaulo atatu otsalawo adali ochepa kwambiri moti ofufuzawo adalephera kufanizira mbali ziwirizo, ndipo adanena poyera kuti alephera. Pa nkhani ya mphamvu kufanizira kudatheka: pa zochitika 25 za chaka chonse, 17 zidachitika popanda kamera ndipo 8 zidachitika pali kamera. Umenewu ndi umboni weniweni, sindikuukana. Koma ndi umboni wa zochitika 25, m'tauni imodzi, pansi pa mkulu wa polisi amene adali ndi chidwi chachikulu pa ntchitoyo, popeza iye mwini adali mmodzi wa ofufuzawo. Pa phata laling'ono chotere padamangidwa nyumba ya madola mamiliyoni ambiri.

Kuyeza kwakukulu kudachitika mumzinda wa Washington weniweniwo. Gulu la akatswiri a boma la mzindawo lotchedwa The Lab @ DC, lotsogozedwa ndi Bambo David Yokum, lidachitira maere apolisi 2,224, theka n'kulandira makamera msanga, theka n'kuyamba ladikira, ndipo lidawatsata kwa miyezi isanu ndi iwiri. Chinthu chimodzi chimene adachita ndifuna akuluakulu a m'maofesi achimvetse bwino. Asadaone chiwerengero chilichonse, adalemba ndi kuika poyera zimene adzayeze ndi mmene adzaziwerengere, kuti pambuyo pake pasakhale wina wosankha ziwerengero zomukomera n'kubisa zotsalazo. Zotsatira zidatuluka mu Okutobala 2017. Pakati pa apolisi ovala makamera ndi osavala sipadapezeke kusiyana koti n'kukutchula, pa kugwiritsa ntchito mphamvu ngakhale pa madandaulo a nzika.

Padabuka mtsutso waukulu. Ena adati polisi ya Washington idali itakonzedwa kale, popeza idakhala zaka zingapo ikuyang'aniridwa ndi Unduna wa Zachilungamo kuyambira 2001, motero kamera idapeza ntchito itagwiridwa. Ena adati wapolisi wopanda kamera kawirikawiri ankafika pamalo pamodzi ndi mnzake wovala kamera, choncho nayenso ankadzisunga. Kuli ngati feteleza wakokoloka ndi madzi kulowa mbali ija yosathira. Enanso adati masiku ano munthu aliyense ali ndi foni yojambula m'thumba, ndipo wapolisi amadziwa kale kuti akuonedwa. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chingasandutse zotsatira za Washington kukhala za Rialto.

Mizinda ina idapereka mayankho apakatikati. Ku Las Vegas, kafukufuku wa apolisi pafupifupi 400 wotuluka mu 2017 adapeza kuti madandaulo ndi kugwiritsa ntchito mphamvu zidatsika, koma apolisi ovala makamera adamanga ndi kulipiritsa anthu ambiri kuposa anzawo. Ku Milwaukee, umodzi wa mizinda itatu ija, ovala makamera adadandaulidwa mochepa, koma pa mphamvu sipadasinthe kanthu. Akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya George Mason, motsogozedwa ndi Mayi Cynthia Lum, adasonkhanitsa kafukufuku 70 mu 2019, ndipo mu 2020 adasanthula mozama 30 odalirika kwambiri. Adapeza kuti madandaulo amatsika ndithu, pafupifupi ndi 17 pa 100 alionse, koma pa kugwiritsa ntchito mphamvu umboni udali wosagwirizana, kwina kutsika, kwina kukwera, kwina osasuntha. Mu 2021 gulu lina, lokhala ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Chicago, lidawerengera kuti phindu la makamera lingapose mtengo wake pafupifupi kasanu. Choncho amene anganene kuti ndalama zonse zija zidangotayika m'madzi akhala akunama. Chimene chidakanika ndi lonjezo lalikulu lija, lakuti kamera payokha idzaletsa dzanja la wapolisi.

Nanga n'chifukwa chiyani chipangizo chimodzimodzi chipereke zipatso zosiyana? Bambo Ariel ndi anzake adapeza mbali ya yankho mu 2016, atafufuza magulu angapo a polisi ku Britain ndi ku America. Kumene apolisi adatsata lamulo loyatsa kamera nthawi zonse pokumana ndi nzika, kugwiritsa ntchito mphamvu kudatsika ndi 37 pa 100. Kumene wapolisi ankadzisankhira yekha nthawi yoyatsa ndi yozimitsa, kudakwera ndi 71 pa 100. Taganizani, amayi ndi abambo. Magulu awiri angathe kulandira thandizo lofanana, kugula makamera a kampani imodzi, kulemba m'lipoti chiwerengero chimodzi, pamene m'misewu mukuchitika zinthu zotsutsana ngati usana ndi usiku. Chosiyanitsa ndi mwambo: ndani amayatsa, ndani amaonetsetsa kuti wayatsa, ndipo chimamuchitikira n'chiyani amene sadayatse.

Ngakhale ziwerengero zimene akatswiriwo adayeza zili ndi msampha wake, ndipo msamphawu ukukhudza aliyense wolemba lipoti. Tengani madandaulo. Akatsika, mwina apolisi akhaladi aulemu. Mwinanso anthu amene ankadandaula zabodza aleka, podziwa kuti chithunzi chiwatsutsa, ndipo chimenechinso n'chabwino. Koma n'kuthekanso kuti munthu wafika ku polisi kudzadandaula, wamkulu wa pamenepo n'kumuuza kuti taona chithunzi, palibe cholakwa, bwererani. Ndipo dandaulolo silidalowe m'buku. Njira zitatu zonsezi zimabala chiwerengero chimodzi. Tengani tsopano kugwiritsa ntchito mphamvu. Amene amalemba kuti mphamvu yagwiritsidwa ntchito ndi wapolisi mwini wake. Wapolisi amene kale ankakankha munthu osalemba, atavala kamera angayambe kulemba zonse poopa kugwidwa. Pamenepo chiwerengero chikwera pamene khalidwe lakoma, ndipo mkulu wopupuluma angadzudzule gulu limene layamba kunena zoona n'kuyamikira limene likubisabe. Chiwerengero chilibe pakamwa. Chimafuna munthu woti apite akaone chimene chili kumbuyo kwake.

Palinso vuto lina lochititsa manyazi. Pamene ndalama zinkatuluka mu 2015, boma la America lidalibe kaundula wodalirika wa anthu ophedwa ndi apolisi m'dziko lonse. Nyuzipepala ya Washington Post ndiyo idayamba kuwerenga yokha chaka chimenecho, ndipo mkulu wa bungwe la FBI panthawiyo, Bambo James Comey, adavomera poyera kuti n'zamanyazi kuti nyuzipepala zikhale ndi ziwerengero zabwino kuposa boma. Ntchito ya FBI yosonkhanitsa ziwerengero za kugwiritsa ntchito mphamvu m'dziko lonse idayamba mu 2019, ndipo magulu a polisi ankatumiza mwa kufuna kwawo. Mungayeze bwanji ulendo musakudziwa pamene mudanyamukira? Mwa kuwerenga kwa nyuzipepalayo, anthu owomberedwa ndi kuphedwa ndi apolisi adali pafupifupi 1,000 mu 2015, ndipo mu 2023 adapitirira 1,100. Ndichenjeze pano kuti chiwerengero chimenechinso ndi cha chaka chino ndi chaka chatha, ndipo sichingaweruze makamera pachokha, pakuti m'zaka zimenezo mudasintha zinthu zambiri. Ngati takana kuyamikira feteleza chifukwa cha mvula yabwino, tisamunyozenso chifukwa cha chilala.

Tsopano ndikutengereni ku Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota, umodzi wa mizinda imene idalandira thandizo lija la 2015. Apolisi adalandira makamera, malamulo adalembedwa, ndipo pa pepala zonse zidali m'malo mwake. Usiku wa pa 15 Julayi 2017, mayi wina wobadwira ku Australia, Justine Damond, adaimbira foni apolisi atamva ngati munthu akuvutitsidwa kuseri kwa nyumba yake. Galimoto ya polisi itafika iye adaiyandikira, ndipo wapolisi mmodzi, Mohamed Noor, adamuwombera n'kumupha. Apolisi onse awiri adali ndi makamera pachifuwa, ndipo makamera onse awiri adali osayatsa panthawi ya kuwomberayo. Pambuyo pake oyendera ntchito za mzindawo adapeza kuti kusayatsa makamera kudali kofala. Ndikufunsani, inu olemba malipoti: makamera awiri amenewo adalembedwa mbali iti? Adalembedwa mbali ya ntchito yatheka, popeza adagulidwa, adagawidwa, adavalidwa.

Pa 25 Meyi 2020, mumzinda womwewo, George Floyd adafa wapolisi Derek Chauvin atamugwadira pakhosi kwa mphindi zoposa zisanu ndi zinayi. Ulendo uno makamera a apolisi anzake adali oyatsa, ndipo sadaletse kanthu. Chikalata choyamba chimene polisi idatulutsa chidakamba za munthu amene adadwala ali m'manja mwa apolisi, osatchula bondo. Chimene chidadzutsa dziko lonse lapansi ndi chithunzi chimene mtsikana wa zaka 17 adajambula pa foni yake ali chiimire m'mbali mwa msewu. Zithunzi za apolisi zidatulutsidwa kwa anthu onse patapita miyezi yoposa iwiri. Tinene mwachilungamo kuti zithunzizo zidathandiza pa mlandu, ndipo Chauvin adapezeka wolakwa mu Epulo 2021. Koma taonani ndalama. Mzindawo udalipira banja la Mayi Damond madola 20 miliyoni, ndi banja la Bambo Floyd madola 27 miliyoni. Chipepeso cha imfa imodzi yachiwiriyo chidaposa thumba lonse la madola 23.2 miliyoni limene lidagawidwa m'dziko lonse mu 2015.

Kamera imajambula chabe, siweruza. Chithunzi chikajambulidwa chimakasungidwa, ndipo makiyi a nkhokweyo kawirikawiri ali m'manja mwa polisi yomwe ikudandaulidwayo. Mu Disembala 2023, atolankhani a bungwe la ProPublica adafalitsa zimene adapeza atalondola imfa za anthu ophedwa ndi apolisi m'mwezi umodzi wokha, Juni 2022. Pa imfa 79 zimene zidajambulidwa ndi makamera a apolisi, zithunzi zidali zitatulutsidwa pa imfa 33 zokha, patapita chaka ndi miyezi. Ndipo kale mu 2016, akatswiri a ku George Mason aja adafunsa maofesi a oimira boma pamilandu m'madera amene apolisi adali ndi makamera. Pafupifupi 93 pa 100 alionse adati adagwiritsapo ntchito zithunzizo poimba mlandu nzika wamba, pamene pafupifupi 8 okha pa 100 alionse ndiwo adazigwiritsapo ntchito poimba mlandu wapolisi. Sindikunena kuti kugwira mbava ndi chithunzi n'koipa, ndipo n'zachidziwikire kuti milandu ya nzika imachuluka kuposa ya apolisi. Ndikunena kuti chipangizo chimene chidagulidwa kuti chiyang'anire wapolisi chidakhala makamaka chida cha wapolisi, ndipo lipoti lowerenga makamera ogulidwa silingaone kutembenuka kotere.

Za mtengo ndinena mwachidule. Thandizo lija lidali logulira makamera, koma kusunga zithunzi kwa zaka zam'tsogolo kudasiyidwa m'manja mwa wolandira. Walira mvula walira matope. Wapolisi mmodzi amajambula maola ambiri pa sabata, ndipo zonsezo zimafuna malo osungira olipidwa chaka ndi chaka, ndi anthu olembedwa ntchito yoziona, kuzisanja ndi kuphimba nkhope za ana ndi za mboni zisadatulutsidwe. Kampani ya TASER International, imene mu 2017 idasintha dzina kukhala Axon, chaka chomwecho idalonjeza kupereka makamera kwaulere kwa chaka chimodzi kwa polisi iliyonse yofuna. Wamalonda amadziwa kumene kuli phindu lake. Mu Januwale 2019, Washington Post idalemba za magulu aang'ono a polisi amene adasiya kapena kuimitsa ntchito ya makamera kaamba ka mtengo wosungira zithunzi, monga tauni ya East Dundee ku Illinois, imene idaitanitsa makamera a apolisi ake 17 n'kuthetsa ntchitoyo asadajambule ndi mphindi imodzi yomwe. Amene amayeza ntchito pa tsiku lotsekera thandizo sangaone zoterezi. Ayenera kubwereranso patapita zaka ziwiri kapena zitatu, alendo atapita ndi ndalama zawo, akaone ngati chinthucho chikadapuma.

Akuluakulu ogwira ntchito za Boma, ndikutembenukira kwa inu. Ndalama yathandizo, ngakhale ichokere kunja, imalandiridwa m'dzina la anthu a dziko lino, ndipo gawo limene Boma limasonkhapo ndi msonkho wa mlimi ndi wa mmisiri. Pamene mukulemba pempho la thandizo, lembani pomwepo chimene mukufuna chisinthe pa moyo wa munthu, ndipo muchiwerenge ntchito isadayambe, kuti mudzakhale ndi poyambira. Pamene katundu sakukwanira onse nthawi imodzi, monga zimakhalira kawirikawiri, musaone ngati tsoka chabe. Umenewo ndiwo mpata wa munda wachitsanzo: maere asankhe oyamba kulandira, ndipo odikirawo akhale muyeso wanu, monga adachitira ku Washington. Maere alinso ndi ubwino wina umene tonse tikuudziwa, wakuti sadziwa mbale wa munthu. Ndipo woyeza asakhale yemwe akuyendetsa ntchitoyo. Sindikukayikira kukhulupirika kwa munthu aliyense muno, koma palibe mayi amene amati mwana wake ngwonyansa. Zimenezi zimalira ndalama, inde. Ku America adapatula madola 1.9 miliyoni pa 23.2 miliyoni, ndiko kuti ngati matambala asanu ndi atatu pa kwacha iliyonse, ndipo ngakhale pamenepo adafufuza mizinda itatu yokha. Mukaona pempho lopanda ndi tambala imodzi yomwe ya kuyeza, libwezeni kwa amene adalilemba.

Ndipo ife atsogoleri a Chipani tili ndi mbali yathu, imene mwina ndiyo yolemera koposa. Wogwira ntchito za Boma amalemba chimene akuganiza kuti mkulu wake akufuna kumva. Tikamakwiya ndi chiwerengero chosakoma, mawa atibweretsera chokoma chokhachokha, ndipo tidzakaima pamaso pa anthu n'kumatamanda ntchito imene iwo eni ake akuiona ndi maso kuti yafa. Palibe chimene chimanyozetsa Chipani msanga kuposa chimenecho, pakuti anthu a kumudzi sawerenga malipoti athu, koma mjigo wosatulutsa madzi amaudziwa. Pamene zotsatira za ku Washington zidatuluka, mkulu wa polisi ya mzindawo panthawiyo, Bambo Peter Newsham, adavomera pamaso pa atolankhani kuti adadabwa nazo, popeza iyenso ankayembekezera kusintha. Lipotilo silidabisidwe m'kabati. Makamera sadawachotse, koma adafotokoza poyera chifukwa chowasungira, chimene chidali chakuti pakachitika chinthu pakhale umboni woti anthu aone. Mlembi akakubweretserani lipoti la mtundu umenewo m'boma lanu kapena m'nthambi yanu, mpatseni mpando, mumufunse mmene adawerengera, ndipo lipotilo mulitumize kulikulu monga liliri, osadulako tsamba.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Amene ali ndi mafunso pa ziwerengero ndatchulazi ndiwayankha tikabwerako ku chakudya chamasana.